Pinotage amafuna makala, nyama yonona ndi filiji

Chaka changa choyamba ndikuperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Stellenbosch, ndinagula botolo la vinyo wofiira wa Pinotage kuti anzanga aone kuti nanenso ndatseguka m'maso. Linatandala m'galimoto tsiku lonse, dzuwa la mu January likuswa mtengo, madzulo n'kulitsegula pa nsima ya nsomba yokazinga yothira kambuzi. M'kamwa munangoti waa, fungo ngati la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Alamu anga anatula tambula pansi n'kuti, "Achimwene, ndalama zonse zija mwagula zimenezi?" Vinyoyo analibe mlandu. Wolakwa ndinali ine.

Mphesa ya Pinotage kwawo ndi konkuno ku South Africa. Mu 1925 Abraham Perold, mphunzitsi wa ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut, yomwe alimi a kuno ankaitcha Hermitage, ndipo dzina lija anangolumikiza maina a Pinot ndi Hermitage. Botolo loyamba kulembedwa Pinotage linali la Lanzerac la 1959, lomwe linafika pamsika mu 1961. Khungu la mphesayi ndi lochindikala, n'chifukwa chake vinyo wake amakhala wofiira moderapo, wa khambi, ndipo ukali wake umafika 14 peresenti kapena kupitirira. Zonse zimene ndinene pansipa zikuchokera pa khambi ndi ukali umenewu.

Pogula, werengani kumbuyo kwa botolo. Pali Pinotage wolemera wogonera m'migolo, monga wa ku munda wa mphesa wa Kanonkop m'munsi mwa phiri la Simonsberg. Pali wopepukirapo wa tsiku ndi tsiku, ngati Beyerskloof amene amapezeka m'masitolo ambiri. Palinso uja wonunkhira khofi amene anatchuka ndi Diemersfontein ku Wellington. Mulibe khofi mmenemo, fungolo limachokera ku matabwa owauka amene vinyo amagonera. Ineyo sindimukonda kwenikweni, koma alendo amamufuna, ndipo ndi nthiti za nkhumba zopaka msuzi wotsekemera amayenda bwino.

Musanatsegule botolo, liikeni mufiliji kwa mphindi 20 kapena 30. Anthu amati vinyo wofiira salowa mufiliji, koma lamulolo ndi la kumaiko ozizira. Mukufuna madigiri 16 kapena chapompo, botolo lizizizira m'manja koma osachita thukuta. Vinyo akatentha, chimene chimatsogola ndi ukali, ndipo fungo la zipatso limabisala. Ngati ndi wolemera uja, khuthulirani m'jagi ya galasi akhalemo theka la ola, apume.

Tsono pa chakudya. Khambi la vinyo ndi lija mumalimva mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi wofulula mopitiriza wopanda mkaka: lilime limauma, mano n'kumachita ngati akanirira. Mafuta a nyama amalifewetsa khambilo, vinyo nayenso amatsuka mafuta m'kamwa, ndiye nthuli yotsatira imakoma ngati yoyamba. Yesani motere. Otchani nthiti za nkhosa pamakala a nkhuni, mchere ndi tsabola wakuda basi, mafuta azidonthera pamoto mpaka m'mphepete mwachita kadera. Yambani mwamwa kaye pang'ono musanadye, mumve kuuma kuja. Kenako lumani nyama, tafunani, imwaninso. Mumva ngati akusinthirani botolo. Boerewors, soseji ya kuno ija, imachitanso chimodzimodzi, makamaka chifukwa cha coriander amene amathiramo, ndipo utsi wa makala umakumana ndi kafungo ka utsi kamene Pinotage amakhala nako kale.

Bobotie, nyama yogaya ya curry wosawawa yokhala ndi mphesa zouma ndi mazira pamwamba, imafuna Pinotage wopepuka uja. Mchira wa ng'ombe wa mu potjie, mphika wachitsulo wa miyendo itatu, umafuna wolemera. Kunyumba kwanga Lamlungu timaphika nsima ndi nyama ya ng'ombe yamafupa yobwatitsa mpaka kulekana, ndipo zimagwirizana popanda vuto, poti nsima silimbana ndi chilichonse. Mang'ina nawonso ndinayesa, anakhoza.

Kambuzi yekha musiyeni pambali tsiku limenelo. Tsabola ndi ukali wa vinyo zikakumana, moto umawirikiza, kukoma konse n'kuthawa. Nsomba nayo ndi khambi sizimwerana madzi, m'kamwa mumatsala kukoma kwa chitsulo. Ngati ndiwo ndi chambo kapena hake, gulani vinyo woyera wa Chenin Blanc wozizira. Nsomba ya snoek yootcha yopaka jamu wa apricot imalola Pinotage wa rosé, wofiirira pang'ono uja.

Vinyo akatsala, tsekani botolo n'kulibwezera mufiliji. Masiku awiri kapena atatu amapirira. Akapitirira apo, ine ndimangomuthira mumphika wa mchira wa ng'ombe anyezi akangofiira.