Momwe mungayezere mankhwala otsalira mu mkaka ndi tisitiripi, ndipo chonde musawerenge ngati za malungo

Amene mumasonkhanitsa mkaka m'ma bulking group kuno ku Dedza mukuudziwa kale ululu wa thanki yonse kukanidwa. Galimoto ya kampani yafika kuchokera ku Lilongwe, munthu watunga kasampulo, pakangopita mphindi zochepa akuti mkaka wanu uli ndi mankhwala sitinyamula, nde malita onse aja a alimi mupita nawo kuti? Ife zitatichitikira komiti inagwirizana kuti tizigula tokha tisitiripi toyezera, ndipo ntchitoyo inagwera ine poti ndine kalaliki wolandira mkaka. Anzathu a ku Ntcheu akhala akundifunsa pa WhatsApp momwe timayezera, ma voice note ndatopa nawo, bola ndilembe kamodzi.

Tiyambe ndi kuchotsa bodza lina. Lactometer ndi alcohol test siziona mankhwala ayi. Lactometer imagwira wothira madzi, mowa uja umagwira mkaka woyamba kusasa kapena wochokera m'bere lodwala, koma mankhwala obaya ng'ombe ngati penstrep (penicillin wosakaniza ndi streptomycin) kaya oxytet (mtundu wa tetracycline) amadutsa onse awiriwo bwinobwino ngati palibe kanthu. Kuwiritsa nako sikuchotsa onse. Ndipo mlingo wololedwa ndi wochepa zoopsa, malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex Alimentarius amati penicillin asapose mamaikrogalamu 4 pa lita, tetracycline 100, streptomycin 200. Werengerani nokha, thanki ya malita 1,000 ikungofuna mamiligalamu 4 a penicillin kuti ifike pa malire, ndiye kuti ng'ombe imodzi yobayidwa dzulo itha kuipitsa mkaka wa mudzi wonse. Akampani sikuti amakana mwa nkhanza, mankhwalawo amapha tizilombo tomwe timachititsa kuti chambiko ndi yogati zigwire, mkaka umangokhala tiwi osagwira. Palinso anthu omwe thupi lawo limadana ndi penicillin, komanso nkhani ija ya tizilombo kuzolowera mankhwala mpaka kuchipatala osagwiranso ntchito.

Zogula

Bokosi la tisitiripi, ambiri amakhala a 96, muli timakapu ting'onoting'ono tokhala ndi ufa wofiirira pansi pake komanso tisitiripito m'machubu otseka. Pogula funsani kuti kameneka kamaona mankhwala ati. Sitiripi imaona chokhacho chomwe inapangidwira, ya penicillin ndi tetracycline siidzakuuzani kanthu za sulfa kapena streptomycin, nde yambani mwafunsa alangizi a ziweto kuti kwanuko anthu akubaya chiyani kwambiri. Kwathu ndi oxytet wa LA (wokhalitsa m'thupi) pa matenda a nkhupakupa, penstrep, ndi timachubu tothira m'bere likatupa. Mufunanso pipeti (kachipangizo kotungira timadontho ta mkaka) ya mamaikrolita 200, timilomo take tosinthasintha, timabotolo ta sampulo, foni yowerengera nthawi ndi fuliji.

Mtengo musandifunse, kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 quotation imakhala sabata imodzi yokha, mukamaliza kusonkherana yasintha kale. Chomwe ndinganene ndi chakuti chenjerani ndi anthu oyenda ndi chikwama. Wina anatibweretsera bokosi pa theka la mtengo akuti latsala ku pulojekiti, kuyang'ana deti latsala mwezi umodzi, ndipo linali lotentha ngati lakhala pa dashibodi kuchokera ku Lilongwe. Zinthuzi zimafuna kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, osati mu freezer, osatinso padzuwa. Magetsi akathima ife timasamutsira mu cooler box ya ayisi. Ngati bokosi lilibe kapepala ka malangizo m'kati musagule, kapepalako ndi komwe kali ndi mphindi zenizeni za mtundu umenewo.

Kutunga sampulo

Vundulani kaye. Mafuta amakwera pamwamba makamaka mkaka wogona wa madzulo, mukatunga pamwamba pokha sitiripi imatsekeka mkaka osakwera. Mkaka woyamba wachikasu uja wa ng'ombe yongobereka kumene, kapena wa mabulumabulu, musataye nawo sitiripi, umenewo ngobweza ndi maso. Tulutsani mu fuliji timakapu ndi tisitiripi tokwana omwe mukuyeza basi, tsekani chubu msanga chifukwa chinyezi chimaononga, ndipo muzisiye kaye zichoke kuzizira.

Thirani mamaikrolita 200 m'kakapu, kokani ndi kubweza ndi pipeti kangapo mpaka ufa uja usungunuke mkaka ukhale wa pinki. Mtundu womwe tili nawo ife umafuna mphindi 3 pa madigiri 40, kenako kuviika sitiripi mphindi zina 3, ina siifuna kutenthetsa nkomwe, nde tsatani kapepala kanu osati ine. Mlimi aliyense kamlomo kake ka pipeti, musachite zotsuka mu ndowa kuti musunge ndalama, mudzanamizira munthu wosalakwa. Za kuzizira, mwezi wa June ndi July mbali ya Bembeke m'mawa chipinda chenichenicho chimakhala ngati fuliji, ndiye zoti siyani pa tebulo sizigwira, mkaka umakwera mwaulesi mizere nkutuluka yofooka. Kahita kathu kotenthetsera timakapu katafa tinkayandamitsa timakapu pa madzi ofunda a mu fulasiki tikuyeza ndi thermometer. Zimatheka koma si zoti muzolowere.

Kuwerenga mizere, apa mpomwe ndinagwa

Tsiku lomwe munthu wotiphunzitsa anabwera ine ndinali ku maliro a malume, pobwera a tcheya anangondipatsa bokosi nkuti zake nzosavuta, zili ngati zoyezera malungo. Kapepala kanali ka zilembo zing'onozing'ono, ndinangowerenga za mphindi zokha. Tonse tinakulira pa za malungo ndi zoyezera mimba, mzere umodzi ulibe, mizere iwiri uli nawo, ndani sadziwa zimenezo? M'mawa mwake ndayeza woyamba mizere yonse gwa, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu, mpaka ndinabweza anthu 9 motsatizana, ena atayenda ndi chigubu pa njinga kuchokera kutali m'nkhungu muja. Agogo ena amuna anandiuza kuti mwana wanga, ng'ombe yangayi chibadwire sinalaweko jakisoni, ine nkuyankha kuti agogo makina sanama. Ndikakumbuka mawu amenewo mpaka pano manyazi amandigwira. Kenako anabwera mayi wina, sitiripi yake mzere umodzi wokha, ine kumwetulira kuti mwaona anthuni mkaka woyera ndi uwu, nkukhuthulira mu thanki ndi manja anga. Masana galimoto inakana thanki yonse. Kufufuza, ng'ombe ya mayiwo inabayidwa penstrep dzana lake ndi mnyamata wa pafupi yemwe amadziwako zobaya, mayiwo sankadziwa kuti pali masiku odikira asanagulitse mkaka wa ng'ombe yobayidwa, ndipo wolakwa wamkulu tsiku limenelo ndinali ine.

Usiku umenewo mpomwe ndinakhala pansi kufufuza chifukwa chake zili chadodolido, ndipo mukamvetsa ichi simudzasokonezanso. Ufa wofiirira uja ndi ma antibody omatidwa ku tinthu ting'onoting'ono ta golide, golideyo ndi amene amapereka mtundu wofiira. Antibody ndi puloteni yomwe thupi limapanga kuti igwire chinthu chimodzi chachilendo, ngati kiyi ndi loko wake. Vuto nlakuti mankhwala ngati tetracycline ndi tinthu tochepetsetsa, ukabaya kalulu kapena mbewa ndi iwo okha thupi silipanga antibody, nde akatswiri amayamba awalumikiza ku puloteni yaikulu, kawirikawiri yochokera m'magazi a ng'ombe yotchedwa BSA kapena ina yotchedwa KLH, nkubaya nyamayo, thupi lake nkupanga antibody wozindikira mankhwalawo. Njira yochulukitsira antibody wa mtundu umodzi ndendende anaitulukira Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975, mpaka analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1984. Mbali ya penicillin makampani ambiri amaikamo puloteni ina yogwira penicillin m'malo mwa antibody, koma kuwerenga kwake nkumodzi.

Tsono poti mankhwalawo ndi ochepetsetsa, ma antibody awiri sangawagwire mbali ziwiri ngati momwe zimakhalira pa za malungo, nde anachita kupanga mpikisano. Sitiripi ili ndi mzere wa T, woyezera, ndi wa C, wofanizira. Pa mzere wa T anamatapo mankhwala omwewo. Ganizani za akabaza. Kabaza wopanda munthu akafika pa siteji amaima kuti anyamule, akachuluka oima siteji imadzaza, mzere uja nkufiira. Koma ngati mu mkaka munali kale mankhwala, akabaza onse ananyamula kale kasitomala m'kakapu muja, pa siteji amangodutsa osaima, mzere wa T osatuluka. Mzere wa C uli ngati rodibuloko, wonyamula ndi wosanyamula onse amaima, ntchito yake ndi kungoonetsa kuti mkaka unakwera ndipo sitiripi ili moyo.

Ndiye kuwerenga kwake nkotere. T yofiira kwambiri kuposa C, mkaka uli bwino. T yofooka kuposa C, mankhwala alimo. T osaoneka nkomwe, alimo ambiri. C osatuluka, tayani muyambirenso, kaya T ikuoneka bwanji. Mizere ikafanana ndendende onani kapepala chifukwa apa makampani amasiyana, ine ndimangobwereza. Tisitiripi tina tili ndi ma T awiri kapena anayi, lililonse mulifanizire ndi C palokha, ndipo dziwani kuti wapamwamba ndi uti wapansi ndi uti musanayambe kuuza munthu kuti wabaya chiyani. Werengerani panja pa kuwala osati ndi tochi ya foni, ndipo nthawi yomweyo, sitiripi ikauma mitundu imasintha, yomwe mwaipeza pa tebulo masana si umboni. Ine ndimajambula chithunzi ili pambali pa nambala ya mlimi. Pakhoma pa ofesi ndinalembapo ndi maka zilembo zikuluzikulu kuti MZERE WASOWA, MANKHWALA ALIMO, poti tsiku lina ndidzadwala adzayeze ndi wina.

Anthu 9 aja ndinapita kukapepesa khomo ndi khomo, mkaka wawo wa tsikulo tinagawana kulipira ine ndi gulu. Agogo aja anangoti tsopano makina aja ayamba kunama eti.

Ikatuluka kuti alimo

Bwerezani ndi sitiripi ina mwini wake akuona, kenako mufunseni mwaulemu pambali osati pa mzere wa anthu, ambiri amavomera okha. Lembani m'buku deti ndi dzina la mankhwala. Mkaka umenewo usalowe mu thanki, usakagulitsidwe pa msewu, usapatsidwe ana kunyumba. Ngati munathira chubu m'bere limodzi mutaye wa mawere onse anayi, mankhwala amayenda ndi magazi. Masiku odikira ali pa botolo, a mkaka ndi a nyama ndi osiyana, ndipo machubu othira ng'ombe ikasiya kukamidwa amakhala m'bere masabata ambiri, musawasokoneze ndi a yokamidwa. Mabotolo ena ogula m'misika ya m'malire muno mbali ya Lizulu amakhala olembedwa Chipwitikizi chokhachokha, ena lebulo inafufutika, apo masiku muwadziwa bwanji? Gulani m'mashopu ovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ndipo azibaya ndi alangizi.

Kuyeza aliyense tsiku lililonse gulu lingagwe, ife timasunga kasampulo ka mlimi aliyense, nkuyeza mosakaniza anthu asanu asanu, kagulu ka asanuko kakagwidwa mpomwe timayeza mmodzimmodzi. Dziwani kuti kusakaniza kumasungunula, wa mankhwala ochepa atha kubisala, nde musapitirire asanu, ndipo thanki muyezenso galimoto isanafike. Yemwe wangomaliza masiku odikira timamuyeza payekha.

Nyama ndi mazira ndi nkhani ina, zimafuna kugaya sampulo ndi makina a mu labu a ELISA kapena akuluakulu otsimikizira, funsani ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe kapena a Malawi Bureau of Standards. Sitiripi yathuyi ndi yosefera chabe. Ku khola uzani alimi amange kansanza kofiira ku mchira wa yobayidwa, alembe deti ndi khala pa mtengo wa khola, aziikama pomaliza mu ndowa yakeyake, chifukwa wokama m'mawa nthawi zambiri ndi mwana yemwe pobaya kunalibe.