Kusandutsa nkhalango ya kumudzi kukhala malo okopa alendo

Munthu akakhala ndi kaphiri, mathithi kapena nkhalango ya mahekitala angapo, n'kumva kuti alendo amalipira kuti aone zoterezi, maganizo ake amathamangira ku njerwa. Aumba, awotcha ndi mitengo yomwe ija alendo akanadzaiona, amanga tinyumba tinayi, ndalama n'kuthera pa denga. Musayambire kumeneko. Chimene mlendo amagula ndi nkhalangoyo, njira yabwino yoyendamo, munthu wodziwa kufotokoza, ndi chimbudzi chaukhondo. Nyumba zogona zimabwera pambuyo, buku la alendo likaonetsa kuti alipo ofuna kugona.

Choyamba ndi malo. Malo ambiri akumudzi ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo nkhalango imene lero ikuoneka yopanda mwini idzapeza eni ake asanu tsiku limene minibasi yoyamba idzaima pachipata. Yendani malire onse pamodzi ndi amfumu, eni minda yoyandikana nayo komanso mlangizi wa zankhalango, muzike miyala kapena mubzale khonje m'makona. Zimene mwagwirizana zilembedwe, agulupu ndi mfumu yaikulu adinde. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 limalola kulembetsa malo oterewa, choncho kafunseni ku ofesi ya zamalo ku khonsolo. Ngati nkhalangoyo ndi ya mudzi wonse, lamulo la zankhalango la 1997 limaiika m'manja mwa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo, ndipo mgwirizano wanu ukhale ndi komitiyo, osati ndi amfumu okha. Mfumu imamwalira, wolowa m'malo n'kunena kuti iye sanadye nawo.

Mu mgwirizanowo mulembe momveka zimene anthu apitirize kutenga. Amayi amene akhala akutola nkhuni zouma, masuku ndi bowa wa utale m'nkhalangomo kuyambira kale sangasiye chifukwa inu mwakhoma chikwangwani. Apatseni masiku awo ndi mbali yawo, udzu wofolera azimweta mu June ndi July, ming'oma ya njuchi ipachikidwe kutali ndi njira ya alendo. Choletsedwa chikhale makala, kudula mitengo yaiwisi, misampha ndi moto. Mukawatsekera zonse, yankho mudzaliona mu September, nkhalango ikuyaka usiku popanda amene waona woyatsa. Manda ndi dambwe musapititseko njira, ndipo za Gule Wamkulu, ngakhale alendo amazifuna kwambiri, amene amanena zoti zionetsedwe ndi akuluakulu a kudambwe, osati mwini bizinesi.

Kenako dzifunseni kuti adzabwera ndani. Mlendo wochokera kunja ali kale ndi mndandanda wake: Liwonde, Majete, Nyika, Cape Maclear, phiri la Mulanje. Inu njovu ndi mikango mulibe, ndipo musayese kupikisana ndi malo amenewa. Amene adzakudyetseni chaka chonse ndi ana a sukulu, magulu a achinyamata a kumpingo, ogwira ntchito m'tauni amene akufuna kopumira Loweruka, ndi ojambulitsa zithunzi za ukwati. Onsewa amabwera m'mawa n'kubwerera madzulo. Choncho malo amene ali mtunda woyenda ola limodzi kapena awiri kuchokera ku Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu ali ndi mwayi woposa malo okongola kwambiri amene galimoto yaing'ono singafikeko mvula ikagwa. Ngati muli pa njira yopita kwina kodziwika, monga ku zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza kapena ku Mua, dziwanani ndi madalaivala ndi operekeza alendo a kumeneko kuti azipatukira kwanu.

Njira yoyendamo ndi imene imafuna nzeru zambiri. Lambulani ziwiri: yaifupi ya kilomita imodzi kapena iwiri ya ana ndi achikulire, ndi yaitali ya makilomita anayi mpaka asanu ndi limodzi. Zonse zizungulire, mlendo asabwerere momwe anadzera. M'lifupi mita imodzi yakwana. Cholakwika chachikulu ndi kulunjikitsa njira pamwamba pa phiri motsata kanjira ka mbuzi. Madzi a mvula amatsata momwemo, ndipo pakatha dzinja ziwiri njirayo yasanduka chigwembe chofika m'mawondo. Njira izikwera mopingasa, osapitirira mita imodzi kukwera pa mamita 10 aliwonse. Pa mamita 15 kapena 20 aliwonse gonekani mzere wa miyala mopendekeka kuti madzi apatukire kumbali, ndipo m'munsi mwake bzalani vetiva. Potsetsereka kwambiri ikani masitepe a miyala. A mitengo chiswe chimawadya msanga.

Musanatsegule, yendani njira yonse ndi chikwanje n'kuzula chitedze chonse chimene chili pafupi, chisanakhwime. Mwana mmodzi akakhudza nyemba zake zaubweya zija n'kuyamba kudzikanda akulira, aphunzitsi sadzabweretsanso kalasi ina. Pa mitengo ikuluikulu ikani timatabwa ta mayina, mombo, muwanga, mlombwa, msuku, katope, mkuyu, koma mumangirire ndi waya womasuka, osakhoma msomali. Pamene pali phompho kapena mwala woterera pafupi ndi mathithi, ikani chogwirira cholimba.

Za moto musadikire kuti udzu uume. Mu May, mvula itangosiya, lambulani mpata wa mamita osachepera asanu kuzungulira nkhalango yonse, mpaka dothi lioneke. Udzu wa m'mphepete muutenthe mu May kapena June, madzulo mphepo itazizira, uli wosauma bwino. Moto wa nthawi imeneyi umayenda pansi n'kuzima wokha, pamene wa mu October umakwera mpaka kunsonga n'kupha mphukira zonse. Kambiranani ndi anyamata osaka mbewa, pakuti moto wambiri umayambira kwa iwo.

Tsopano chimbudzi. Nkhaniyi ambiri amaiseka, koma mayi amene walowa n'kupeza ntchentche ndi chitseko chopanda loko amauza anzake onse a ku ofesi, ndipo za mathithi satchulanso. Kumbani dzenje lakuya mamita atatu, pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera ku chitsime kapena mtsinje, kumunsi kwake. Ikani silabu ya simenti ndi paipi yotulutsa mpweya yotalika kupitirira denga ndi theka la mita, kukamwa kwake kutakutidwa ndi kaukonde. M'kati mukhale mwamdima pang'ono kuti ntchentche zithamangire kuwala kwa m'paipi n'kufera momwemo. Cha amayi ndi cha abambo zikhale zosiyana, ndipo panja pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo. Madzi akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe. Padziwe la madzi odikha, makamaka pamene pali nkhono, musalole alendo kusamba chifukwa cha likodzo, ndipo kumene kumamveka za ng'ona, chikwangwani chokha sichikwana, woperekeza azinena ndi pakamwa.

Pokhalira alendo pakwana chisakasa chimodzi chofolera udzu chokhala anthu 30, mabenchi a nsungwi ndi pophikira pa mbaula yosatha nkhuni. Nsanamira muziimike pa mwala kapena simenti, zisakhudze dothi. Ofuna kugona ayambe ndi matenti: salazani mabwalo atatu kapena anayi a mamita anayi mbali zonse, pokwera, kutali ndi mtengo wa nthambi zouma. Musapusitsidwe ndi mchenga wokongola wa m'mbali mwa mtsinje mu August. Yang'anani zinyalala zimene madzi osefukira anasiya m'nthambi, ndipo mufunse achikulire pamene madzi anafika chaka choipitsitsa. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023 safuna kuuzidwa kawiri. Linthumbu likayamba kuyenda usiku, thirani mzere wa phulusa kuzungulira tenti. Sola yaing'ono yoyatsa mababu anayi ndi kutchaja mafoni ndi yokwanira, jenereta imathamangitsa mbalame ndi bata limene mlendo walipira.

Woperekeza alendo musamusankhe chifukwa cha Chingerezi chokha. Amene amadziwa nkhalango kwambiri nthawi zambiri ndi yemwe ankatchera misampha kapena kufula njuchi. Iyeyo amazindikira phazi la gwape, kulira kwa mbalame ya nsadzu, ndi khungwa limene agogo ankamwa m'mimba mukapota. Muphatikizeni ndi mnyamata kapena mtsikana wa sukulu womasulira, ndipo mwachotsa mlenje mmodzi m'tchire. Woperekeza mmodzi asatenge anthu opitirira 10, ndipo akhale ndi foni, wezulo, mabandeji ndi nambala ya njinga yamoto yothamangira kuchipatala. Wolumidwa ndi njoka asamangidwe mwendo kapena kutemedwa. Agonekedwe, asayende, atengeredwe kuchipatala.

Pali chiyeso china choti mupewe: kugula kanyani, fulu kapena nsato n'kuika m'khola kuti alendo azijambula. Kusunga nyama zakutchire popanda chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo chisinthireni lamulo mu 2017, milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka imafika zaka 30 kundende. Anyani a m'nkhalangomo musawadyetse, ndipo dzala likhale lotsekera. Nyani wozolowera nthochi ya mlendo mawa amalanda chikwama, mkuja ali m'chimanga cha mnansi wanu, mlandu n'kubwera kwa inu.

Pa ndalama, werengani kaye zimene zimatuluka mwezi uliwonse ngakhale kusabwere munthu: mlonda, woperekeza, sopo, mayunitsi, kukonza njira. Gawani ndalamayo ndi mtengo wolowera, mudziwe alendo angati akufunika pamwezi kuti musalowe m'thumba. Kumbukirani kuti kuyambira January mpaka March alendo amachepa kwambiri, ndiye phindu la May mpaka October ndi la Khirisimasi lisungidwe kuti lidzalipire miyezi imeneyo. Mitengo ikhale itatu, wa ana a sukulu, wa Amalawi akuluakulu ndi wa alendo akunja, yolembedwa pachipata kuti pasakhale kunenerera. Chipata chokha sichilemeretsa. Phindu limachokera ku chakudya chamasana, nsima ya nkhuku yachikuda, thobwa, uchi wa m'mabotolo, madengu ndi mikeka ya amayi a m'mudzimo. Gawo la mudzi, kaya ndi K10 kapena K20 pa K100 iliyonse ya pachipata, lilembedwe mu mgwirizano uja ndipo liziperekedwa pa msonkhano, anthu akuona, osati usiku kunyumba ya munthu mmodzi.

Lembetsani bizinesiyo ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya msonkho ku MRA ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo musanayambe kugoneka kapena kudyetsa alendo, kaonaneni ndi a nthambi yoona zokopa alendo. Ngati mukufuna kumanga zazikulu pafupi ndi mtsinje kapena nkhalango ya boma, funsani ofesi ya zachilengedwe ya m'boma lanu musanakumbe maziko.

Malowo aikeni pa Google Maps, ndipo pa mphambano iliyonse kuchokera pa tala pakhale chikwangwani cholemba mtunda wotsala. Nambala ya WhatsApp ikhale ya munthu amene amayankha tsiku lomwelo, ndipo gulu lalikulu lizitumiza theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanaphe nkhuku. Pachipata pakhale malisiti a manambala ndi buku lolembamo tsiku, kumene mlendo wachokera, mmene anamvera za malowo, ndiponso ngati akanafuna kugona. Pakatha miyezi 12, werengani amene anati akanagona. Ngati akukwana kudzaza chipinda masiku osachepera 10 pamwezi, mangani kanyumba kamodzi ka zidina zosawotcha.