Momwe mungayendere ku Khlong Bang Luang, mudzi wa amisiri a zaluso wa m'mbali mwa ngalande ku Bangkok

Anthu ambiri akwathu akafika ku Bangkok ndiye kuti ndi Pratunam basi, kukaoda zovala ndi nsapato, kulongedza mabelo kenako ulendo wa ku eyapoti, mzinda wonse osauona. Koma ngati muli ndi tsiku limodzi lopuma, kapena theka la tsiku chabe, pali malo ena kutsidya la mtsinje wa Chao Phraya, mbali ya Thonburi, omwe ine ndimati musawaphonye. Ndi Khlong Bang Luang, mudzi wakale wa nyumba za matabwa zomangidwa pa mitengo yozikika m'madzi, ndipo pakati pake pali nyumba yotchedwa Baan Silapin, ena amangoti Artist's House. Nkhani yanga ndi imodzi: pitani wapansi, pitani opanda phuma, ndipo kandalama kanu kasiyeni kwa eni mudziwo, osati kungodutsa pa boti mukujambula ngati mmene amachitira alendo ambiri.

Choyamba, sankhani tsiku ndi nthawi

Bangkok kumatentha abale, makamaka kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndiye kenako mvula imayamba mpaka cha mu Okutobala. Nyengo yabwinoko ndi Novembala mpaka Febuluwale. Koma nthawi iliyonse mungapite, nyamukani m'mawa kuti muzifika cha m'ma 10 koloko, dzuwa lisanakwiye, mudye nkhomaliro komweko kenako mudikire masana. Loweruka ndi Lamulungu ndi pomwe mashopu ambiri amakhala otsegula komanso anthu amadzadza, a ku Thailand komweko ambiri amabwera ndi ana awo, pomwe mkati mwa sabata kumakhala phee koma zitseko zina mudzazipeza zotseka. Ine ndingasankhe wikendi m'mawa. Chinthu china chofunika, masewero a zidole omwe anatchukitsa Baan Silapin amakonda kuchitika cha m'ma 2 koloko masana koma masiku ake amasinthasintha, ndiye musanadzuke funsani a pa risepushoni ya hotela yanu akuimbireni foni kapena ayang'ane pa Facebook, iwo amawerenga Chithai, zimakhala zachangu.

Kenako mayendedwe

Njira yosavuta komanso yotchipa ndi sitima ya MRT, laini ya buluu. Kwerani yolowera ku Lak Song, musaiwale dzina limeneli chifukwa laini iyi imazungulira ndipo pa Tha Phra anthu amasokonezeka. Sitimayo imadutsa pansi pa mtsinje wa Chao Phraya pakati pa Sanam Chai ndi Itsaraphap, kenako imatulukira pamwamba, ndipo mukangodutsa Tha Phra siteshoni yotsatira ndi Bang Phai, tsikani pamenepo. Ngati mukugona cha ku Pratunam, kwerani sitima ya Airport Rail Link pa siteshoni ya Ratchaprarop, siteshoni imodzi yokha kufika Makkasan, yendani pang'ono kupita pa MRT Phetchaburi, basi mwalowa laini ya buluu.

Mukatsika pa Bang Phai pali njira ziwiri. Mutha kuyenda wapansi kulowera mu Soi Phet Kasem 20, kamsewu kopita ku kachisi wa Wat Kamphaeng Bang Chak, si patali kwenikweni koma ndi kutentha kuja mudzafika malaya atanyowa. Apo ayi kwerani kabaza wa njinga yamoto, anyamata ake amavala mavesiti a olenji ndipo amaima pakamwa pa timisewu, muuzeni kuti "Baan Silapin" kapena "Khlong Bang Luang", gwirizanani mtengo musanakwere. Ndi bwino dzina la malowo likhale mu foni mwanu m'zilembo za Chithai, kungomuonetsa basi, chifukwa katchulidwe kathu nthawi zambiri samakamva. Amene mwatenga takisi kapena Grab (takisi yoitanitsa pa foni) uzani dalaivala akakusiyeni kumapeto kwa Charan Sanit Wong Soi 3, pamenepo pali kamlatho kowoloka ngalande, galimoto siidutsa, mukawoloka mwafika.

Za maboti aja aatali a injini yaphokoso kumbuyo, omwe amakutsatsani pa madoko ngati Tha Chang ndi Tha Tien, sindikuti ndi oipa ayi, ulendo wa m'ngalande za Thonburi ndi wokongola ndithu. Vuto ndi lakuti mumalipira ndalama zambiri ndipo pa mudzi uwu amangokuimikani kanthawi kochepa kapena kungodutsa kumene, inu n'kumati ndafikako pomwe simunaone kanthu. Ngati mwakonda boti, nenani poyambirira kuti mukufuna kutsika pa Baan Silapin ndi kukhalapo nthawi yakutiyakuti, musanapereke ndalama.

Musanalowe, dziwani kaye pomwe mwaima

Madzi amenewa si ngalande wamba yokumba dzulo. Kale mtsinje wa Chao Phraya unkakhota kudutsa kuno, ndiye m'zaka za m'ma 1500, nthawi ya ufumu wa Ayutthaya, anakumba njira yachidule kuti maboti asamazungulire, madzi n'kukonda njira yatsopanoyo mpaka inakula kukhala mtsinje waukulu womwe mumauona lero pafupi ndi kachisi wa Wat Arun, ndipo mtsinje wakale uja unachepa n'kusanduka ngalande. Ayutthaya itagwa mu 1767 mfumu Taksin inakhazikitsa likulu lake ku Thonburi mpaka 1782, ndipo akuluakulu a boma ambiri anamanga nyumba zawo m'mbali mwa madzi omwewa. Ndiye mukamayenda pa matabwa aja dziwani kuti kuno kunali kutsogolo kwa mzinda, msewu waukulu unali madziwo, n'chifukwa chake makomo a nyumba ndi mashopu amayang'ana ku ngalande osati ku msewu.

Tsopano yendani

Njira yake ndi ya matabwa, yopapatiza, mbali imodzi madzi mbali ina zitseko za anthu. Mudutsa pa khonde pa munthu weniweni, agogo ali pa mpando akuonera TV, zovala zili pa chingwe, mphaka wagona pakati pa njira, pena mayi akukazinga nthochi pa mbaula. Apa ndi pomwe ndimapempha ulemu. Awa si malo owonetsera zinthu omwe boma linamanga kuti alendo azisangalala, ndi kwawo kwa anthu, ena anabadwira momwemo. Osasuzumira m'zipinda, osajambula nkhope ya munthu musanapemphe, mawu akhale apansi. Moni wawo ndi wosavuta, manja pamodzi pa chifuwa, kuweramitsa mutu pang'ono, abambo muziti "sawasdee khrap" amayi "sawasdee kha", pothokoza "khop khun khrap" kapena "khop khun kha". Mudzaona okha nkhope zikumasuka.

Baan Silapin yeniyeniyo ndi nyumba ya matabwa ya nsanjika, yazaka zoposa 100, yomwe inali ya banja la amisiri osula golide, kenako inakonzedwanso ndi anthu a zaluso n'kukhala malo a zojambulajambula. Vulani nsapato pomwe mwaona ena avula, makamaka pokwera m'mwamba momwe mumakhala zithunzi zojambula pamanja. Pabwalo lake pakati pali chedi yakale, chipilala cha njerwa cha Abuda chosongoka kumwamba, chakuda ndi ndere, mitengo yamera mozungulira, ndipo nyumbayo inachita kumangidwa mochikumbatira. Musakwerepo kapena kutsamira kuti mujambulitse, kwa eni ake ndi chinthu chopatulika. Kunja m'mphepete mwa madzi mudzaona ziboliboli za anthu, zazikulu ngati munthu weniweni, zopakidwa penti yoyera kapena yofiira, zitakhala pansi miyendo ili lende pamwamba pa madzi, apo ndiye khalani pambali pake mujambulitse mmene mungafunire.

Kulowa n'kwaulere, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amalowa, selefi, n'kutuluka osagula ngakhale madzi. Nyumba ya matabwa yokhala pamadzi imadya ndalama, matabwa amawola, mizati imafuna kusintha. Gulani khofi kapena cha yen, tiyi uja wa mkaka wa olenji wothira ayisi, gulani mapositikhadi, kapena khalani pansi mugule kachigoba koyera mupente nokha, amakupatsani penti ndi burashi, pena mikanda yoti mutunge chibangili. Ngati muli ndi ana apa ndi pomwe adzakakamire. Tengani ndalama za m'manja, ma baht (ndalama ya ku Thailand) ang'onoang'ono a 20, 50 ndi 100, chifukwa eni dziko amalipira ndi foni pa QR koma inu mlendo zimenezo sizikuthandizani, ndipo makhadi m'timashopu umu musadalire.

Nsomba musaziiwale. Amagulitsa chakudya chake m'timapepala, mukangoponya dzanja limodzi madzi omwe anali zii aja amawira, zinsomba zikuluzikulu zonga milamba kukwerana pamsana, kukamwa yasa, kulimbirana ngati nkhuku pa madeya, mpaka madzi kukuthovukirani kumapazi. Sizogwira izi, pafupi ndi akachisi anthu amazidyetsa ngati ntchito yachifundo. Mukhozanso kuona ng'azi yaikulu ikusambira m'mbali mwa mizati, musakuwe, ilibe nanu ntchito bola osaiputa.

Zidole: apa khalani pansi ndithu

Ngati mwapeza tsiku lomwe akusewera, pezani malo msanga pafupi ndi chedi ija, mukhala pansi, pa matabwa, ndipo mapazi anu apindeni kumbuyo kapena m'mbali, kuloza munthu kapena chinthu chopatulika ndi mapazi kumeneko ndi mwano waukulu. Masewerowa amatchedwa hun lakhon lek. Chidole chimodzi chimagwiridwa ndi anthu atatu ovala zakuda, nthawi zambiri nkhope zophimba, wina wagwira mutu ndi dzanja limodzi, wina dzanja linalo, wina mapazi, ndipo chodabwitsa n'chakuti atatu onsewo amavina limodzi ndi chidolecho, chikatukula mwendo nawonso atukula, chikapendeka nawo apendeka, moti pakapita mphindi zochepa maso anu amasiya kuona anthu aja, mumangoona kanthu kamoyo kovala zonyezimira kakupuma. Nthano zake zimachokera mu Ramakien, yomwe ndi Ramayana ya ku India mmene a Thai amaifotokozera, ndipo wokondedwa wa onse ndi Hanuman, nyani woyera wankhondo koma wamatama ndi wokonda akazi. Ameneyu amatuluka pa siteji kubwera kwa anthu, kukulandani chipewa, kupsompsona mayi pa tsaya, ana kuseka mpaka kugwa. Simufunika kumva Chithai kuti mutsatire.

Akamaliza pamakhala poponya ndalama. Ponyani, ndipo osati makobili otsala m'thumba. Luso limeneli limatenga zaka kuliphunzira, atatu kuti ayende ngati munthu mmodzi si zamasewera, ndipo linatsala pang'ono kutha m'dzikomo pomwe mafilimu ndi TV zinabwera.

Za kudya sindichulutsa, m'njira momwemo muli timalesitilanti ta kuay tiew, supu ya manudulozi ya nkhumba kapena nkhuku, ndipo nthawi zina amayi amabwera pa bwato atavala chipewa chachikulu akugulitsa zowotcha ndi zipatso, mumangowakodola. Ngati tsabola simumutha nenani "mai phet", ndipo amene simudya nkhumba funsani kaye musanaitanitse chifukwa imalowa mu zakudya zambiri.

Pomaliza pitani ku akachisi awiri omwe ali kumapeto a mudziwu, Wat Kamphaeng Bang Chak ndi Wat Khuha Sawan. Wat Kamphaeng ndi wakale kwambiri, mkati muli zojambula za pakhoma zomwe zayamba kufufutika koma zikuonekabe bwino, ndipo simudzapeza chigulu cha alendo ngati ku nyumba yachifumu ya Grand Palace. Valani zophimba mapewa ndi mawondo, chitenje m'chikwama chimathandiza, nsapato panja, ndipo amayi musakhudze mmonke kapena kumupatsira chinthu m'manja. Mphamvu zikakhalapo, pobwerera ku Bang Phai tengani kabaza mukaone kachisi wa Wat Paknam, komwe kuli chiboliboli cha Buddha cha golide chotalika mamita 69 chomwe mumachiona muli pa siteshoni pomwe. Yesetsani kukwera sitima yobwerera isanakwane 5 koloko, ikadutsa apo anthu oweruka ku ntchito amadzadza moti ndi zikwama zanu muvutika kulowa.