Mmene Mungayang'anire Wodwala Khansa ya M'matumbo Akachitidwa Opaleshoni

Dokotala akadula mbali ya matumbo aakulu yomwe ili ndi chotupa, kawirikawiri amasoka mbali ziwiri zotsalazo kuti chimbudzi chizidutsa monga kale. Msoko umenewu ndi umene gadiyani ayenera kuudera nkhawa kwambiri, chifukwa ukamasuka, zonyansa zimadonthera m'mimba ndipo tizilombo timalowa m'magazi. Vutoli limaonekera kawirikawiri pakadutsa masiku 5 mpaka 7 chichitikireni opaleshoni, ndipo limachuluka ngati chotupa chinali kumunsi, pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Ngakhale wodwala atapulumuka, khansa imabwereranso pamalo omwewo kawirikawiri kuposa mwa amene msoko wawo unapola bwino.

Musadikire kuti bala la kunja lionetse chizindikiro, pakuti likhoza kuuma bwinobwino pamene m'kati zinthu zaipa. Werengani kugunda kwa mtima pamkono m'mawa ndi madzulo, ndipo kukapitirira ka 100 pa mphindi wodwala ali chigonere, uzani namwino nthawi yomweyo. Chitaninso chimodzimodzi ngati thupi latentha kupitirira madigiri 38, mimba yatupa ndi kuuma, ululu ukukula m'malo mochepa, mkodzo wachepa, kapena ngati munthu wachikulire wayamba kubwebweta. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi malungo, koma kwa munthu amene wangong'ambidwa pamimba, ndi bwino kuyamba mwakayikira msoko. Funsani ngati n'kotheka kuyeza CRP m'magazi (puloteni yosonyeza kutupa m'thupi), popeza imakwera kwambiri m'mimba mukayamba mafinya.

Chifundo cha abale nthawi zina chimapweteketsa wodwala. Kumugoneka tsiku lonse kumachititsa kuti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo komanso kuti chibayo chimugwire, choncho madokotala akalola, mudzutseni tsiku lotsatira opaleshoni, akhale pampando, ayende pang'ono m'wodi, ndipo akamatsokomola agwirize pilo pabalapo. Mwendo umodzi ukatupa kapena akayamba kubanika mwadzidzidzi, itanani achipatala. Odwala ena amapatsidwa jakisoni wa heparin, woletsa magazi kuundana, mpaka masiku 28, ndipo sayenera kulekezedwa panjira. Amene anaikidwa thumba la chimbudzi pamimba, makamaka lochokera m'matumbo aang'ono, amataya madzi ambiri moti impso zimatha kuwonongeka. Madzi a ORS amamuthandiza kuposa madzi wamba.

Pali chifukwa china chimene mavutowa amafupikitsira moyo, ndipo chimaiwalika. Wodwala amene khansa yake inafika m'timwanabele amafunika kuyamba chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) pasanathe masabata 8 chichitikireni opaleshoni, koma bala la mafinya kapena opaleshoni yachiwiri zimachedwetsa tsikuli, mwinanso kulilepheretseratu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2011 anapeza kuti kuchedwa kulikonse kwa masabata 4 kumakweza chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 14 peresenti. Musanatuluke m'chipatala, funsani tsiku limene zotsatira za chotupacho zidzatuluke, lembani tsiku lokaonana ndi dokotala wa khansa, ndipo yambani kusonkha ndalama ya ulendo msanga.

Ngati opaleshoni isanachitike, wodwala asiye fodya kutatsala masabata 4 kapena kuposerapo, ayezetse shuga ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo azidya mazira, nyemba ndi nsomba mokwanira, chifukwa thupi lowonda limachedwa kupoletsa msoko.