Momwe mungajambulire mapulogalamu a pa TV pa chimbale cha DVD muli kunyumba

Makina ojambulira mapulogalamu a pa TV pa chimbale, amene ambiri timangowatchula kuti DVD rekoda, adasowa kalekale m'masitolo a katundu watsopano, koma kuno ku Mchinji akupezekabe. Ena amabwera nawo abale ochokera ku South Africa kapena ku UK, ena amatulukira kwa ogulitsa katundu wogwirapo kale ntchito, enanso amalowera pa Mwami kuchokera ku Chipata. Chodabwitsa n'chakuti eni ake ambiri amangoonerapo mafilimu basi. Batani lofiira lolembedwa REC saligwira, poti tsiku limene adayesa, chimbale chidatuluka chopanda kanthu kapena chidakakana kusewera kwa aneba.

Kawirikawiri makinawo amakhala ali bwinobwino. Chimene chidasintha ndi kaulutsidwe ka TV. Pamene TVM (Television Malawi) inkayamba mu 1999, zithunzi zinkabwera m'njira yakale ya analogi, ndipo rekoda inkatha kugwira yokha siteshoni mukangoilumikiza ku eriyo. Mayiko a ku Africa ndi ku Ulaya adagwirizana kudzera ku ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga ndi kuulutsa, kuti pofika pa 17 June 2015 asamukire ku dijito, ndipo Malawi idasankha njira yotchedwa DVB-T2, yomwe madikoda a Kiliye Kiliye amagwiritsa ntchito. Marekoda akalewa njira imeneyi saidziwa. Ngakhale ambiri ochokera ku UK olembedwa Freeview amamva DVB-T yakale yokha. Choncho musataye nthawi kusakasaka MBC, Times kapena Zodiak pa rekoda. Ntchito yogwira siteshoni ndi ya dikoda, kaya ya eriyo kaya ya dishi. Rekoda imangolandira zimene dikoda yaipatsa n'kuzilemba.

Musanapereke ndalama

Tembenuzani makinawo muwerenge kumbuyo. Pakhale polembedwa 220–240V. Ochokera ku Japan amakhala a 100V, a ku America a 120V, ndipo mukawabaya ku magetsi athu a 230V popanda chotsitsira mphamvu amapsa nthawi yomweyo. Ngakhale mutapeza chotsitsiracho, makina a mayiko awiriwa amayendera kapangidwe ka chithunzi kotchedwa NTSC pomwe kuno timayendera kotchedwa PAL. Asiyeni.

Kenako funsani ngati muli hadi disiki, yosungira zojambulidwa mkati mwa makina momwemo. Kutsogolo kumalembedwa HDD, nthawi zina pamodzi ndi kukula kwake, monga 80GB, 160GB kapena 250GB. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo chifukwa chake muchiona tikafika pa za magetsi. Rekoda yopanda HDD ndi yotchipa, koma idzakudyerani zimbale.

Limoti ikhalepo, yakeyake. Pa makina ambiri simungafike pa menyu yotsekera chimbale (Finalize, yochititsa kuti chizisewera pa ma DVD ena) ndi mabatani a kutsogolo okha, ndipo malimoti ogula padera aja nthawi zambiri amangodziwa Play ndi Stop. Wogulitsa akanena kuti "limoti mukapeza ku Lilongwe pa Malangalanga", mtengo utsike kwambiri, apo ayi tsanzikani.

Chomaliza, yesani pomwepo. Pitani ndi chimbale chanu chopanda kanthu, jambulani mphindi zisanu, chitsekeni, n'kuchiseweretsa pa DVD ina. Diso la laser la makinawa limafooka ndi zaka, ndipo limayamba kulephera kulemba likadali lotha kuwerenga. Kuonetsedwa filimu ikusewera bwino si umboni woti makinawo amajambula.

Kulumikiza mawaya

Mufunika waya wa mitu itatu uja: wachikasu wa chithunzi, woyera ndi wofiira a mawu. Mbali imodzi ilowe kumbuyo kwa dikoda polembedwa AV OUT, inayo ilowe pa rekoda polembedwa IN, AV IN kapena LINE IN. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa mabowo a IN ndi a OUT amafanana mitundu ndipo amakhala moyandikana. Madikoda ena ang'onoang'ono ali ndi kabowo kamodzi kokha ka AV kofanana ndi ka mahedifoni. Amenewo amafuna waya wawo umene umabwera m'katoni.

Kuchoka pa rekoda kupita ku TV gwiritsani ntchito HDMI ngati ilipo, kapena waya wina wa mitu itatu kuchokera pa OUT. Bowo la HDMI la pa rekoda ndi lotulutsira zithunzi basi, silirandira, ndiye musavutike kulumikizapo dikoda. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale siteshoni ikhale ya HD, chojambulidwacho chidzakhala cha mlingo wa DVD wamba. Pa TV ya mainchesi 32 chimaoneka bwino ndithu. Pa zikuluzikulu zija mudzaona kuti chafewako.

Makina ochokera ku Ulaya ambiri ali ndi bowo lalikulu la mapini 21 lotchedwa SCART. Pamafunika ka adaputa kosinthira ku mitu itatu ija, ndipo kabwino ndi kokhala ndi switchi ya IN ndi OUT. Ikani pa IN. Amisiri okonza ma TV nthawi zambiri amakhala nako m'mabokosi awo a zakale.

Mukayatsa zonse, dinani batani la Input kapena Source pa limoti ya rekoda mpaka chithunzi cha dikoda chioneke. Dzina la khomolo likhoza kukhala AV1, AV2, L1 kapena L2. Lilembeni penapake, mudzalifuna potchera nthawi. Chithunzi chikabwera chopanda mitundu kapena chikungogudubuzika, lowani mu menyu ya dikoda ndi ya rekoda, zonse ziwiri zikhale pa PAL. Anthu akaoneka owonda ndi otalika mopitirira, vuto lili pa muyeso wa chithunzi mu menyu, 4:3 kapena 16:9.

Zimbale zake

CD si DVD. CD imasunga 700MB, DVD imasunga 4.7GB, ndipo m'magolosale ena amangokupatsani chimene chili pafupi. Werengani pa chimbale penipenipo. DVD-R ndi DVD+R zimalembedwa kamodzi kokha. DVD-RW ndi DVD+RW mumatha kufufuta n'kulembanso, koma zimafuna kukonzedwa kaye ndi Format ya mu menyu musanayambe kuzigwiritsa ntchito. Kachizindikiro ka kuchotsera kapena kuphatikiza kaja si kokongoletsa: makina ena akale amalandira mtundu umodzi wokha, ndipo mitundu imene amalandira imajambulidwa pa chitseko cha thireyi. Pali DVD-RAM imene makina a Panasonic amaikonda, koma ma DVD ambiri a m'makomomu saiwerenga. Musagule mulu wonse wa zimbale 50 musanayese ziwiri zitatu, popeza marekoda ena akale amakana zimbale zothamanga zolembedwa 16x.

Kusankha utali wa nthawi

Batani la Rec Mode ndi limene limanena kuti chimbale chitenga maola angati. XP, imene ena amailemba HQ, ndi ola limodzi. SP ndi maola awiri, LP anayi, EP asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu malinga ndi makina. Maola akachuluka, chithunzi chimachepa ubwino.

Pa nkhani, ulaliki, zokambirana za ulimi kapena maphunziro a ana, LP ndi yokwanira, poti anthu amakhala atangokhala pansi n'kumalankhula. Mpira ndiye umavuta. Mphindi 90, kuphatikiza 15 zopumira ndi zoonjezera za oimbira, zimafika m'mphepete mwenimweni mwa maola awiri a SP. Bullets ndi Wanderers akakumana mu chikho n'kufika pa mapenate, chimbale chidzadzaza woponya woyamba asanaike n'komwe mpira pansi. Mukathawira ku EP, osewera akamathamanga chithunzi chimasweka timabokositimabokosi, mpira osaoneka. Makina ena ali ndi FR, imene mumaiuza utali wa pulogalamu, iyo n'kudzisankhira mlingo wodzaza chimbale ndendende. Ngati ilipo, igwiritseni ntchito. Ngati palibe, dinani Pause nthawi yopumira, kapena jambulani pa LP.

Wokhala ndi HDD zonsezi sizimudetsa nkhawa. Ya 160GB imasunga maola pafupifupi 70 pa SP.

Kujambula

Ikani dikoda pa siteshoni imene mukufuna, kwezani voliyumu ya dikodayo pafupi ndi pamapeto, chifukwa pa madikoda ambiri mawu olowa mu rekoda amatsata voliyumu imeneyo, ndipo ya TV ndi imene muzitsitsa. Dinani REC.

Kuyambira pamenepo limoti ya dikoda ibisidwe. Rekoda ili ngati mlembi wa pa msonkhano wa kwa amfumu amene amalemba chilichonse, ngakhale chifuwa cha munthu. Mwana akasintha kupita ku makatuni, makatuniwo alowa. Wina akatsegula menyu kapena kukweza mawu, kamzere kaja kalowanso. Mvula yamphamvu ikaphimba dishi, uthenga wa kusowa kwa siginolo udzakhala pa chimbale mpaka kalekale. TV yokha mukhoza kuizimitsa, kujambula kumapitirira.

Ambiri amagulira makinawa kuti azijambula iwo kulibe: ali kumunda nthawi yokumba mtedza, ali kumaliro, kapena apita okha ku Mkaika ku Katete kumwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti ndipo akufuna adzaone mmene zidaonekera pa kanema. Apa pamafunika Timer. Yambani mwakonza wotchi ya rekoda pamanja, tsiku ndi nthawi, popeza siginolo imene inkaikonza yokha kulibenso. Mu Timer, pamene pafunsidwa siteshoni, sankhani khomo lija mudalemba, AV1 kapena L1. Yambitsani mphindi zisanu nthawi isanakwane ndipo muonjezere 15 kapena 20 kumapeto. Mapulogalamu oulutsidwa pompopompo sasunga nthawi, makamaka ngati pali mlendo wolemekezeka amene akudikiridwa.

Dikoda isiyeni yoyaka pa siteshoni yomweyo. Madikoda ambiri amadzizimitsa okha pakapita maola angapo osagwidwa. Pezani Auto Standby mu menyu muichotse. Marekoda enanso amafuna kuti muwazimitse ndi limoti kuti Timer igwire, ndipo kachizindikiro ka wotchi kamayaka kutsogolo.

Magetsi

Rekoda ikamalemba pa DVD-R, imamaliza kulongosola zimene yalemba pokhapokha mwadina Stop. Magetsi akathima pakati, chimene mumajambulacho chimatayika, ndipo nthawi zina zimapita pamodzi ndi zonse zimene zidali kale pa chimbalecho. Amene adaikapo mapulogalamu anayi pa chimbale chimodzi n'kuwataya onse pojambula pulogalamu yachisanu amadziwa kuwawa kwake.

N'chifukwa chake ndimalimbikira za HDD. Mumajambulira mkati mwa makina, ndipo magetsi akathima, kawirikawiri zakale zimatsala. Pambuyo pake mumakhala pansi mofatsa, kudula malonda ndi Partial Erase kapena Divide, kulemba dzina la pulogalamu, kenako n'kusamutsira pa chimbale ndi Copy kapena Dubbing nthawi imene magetsi akhazikika. Kubena kukalephereka mwangotaya chimbale chimodzi, pulogalamu ikadali mkati. Musafufute za mu HDD musanaonetsetse kuti chimbale chikusewera kwina.

Ngati yanu ilibe HDD, jambulirani pa RW, ndipo pulogalamu yofunika kwambiri ikhale ndi chimbale chakechake. Okhala ndi sola ndi invata ali pabwino, chifukwa rekoda ndi dikoda sizidya moto wambiri. Mawatsi ake alembedwa kumbuyo. UPS ya kompyuta, kabokosi ka batire kosunga moto magetsi akathima, nayo imakupatsani mpata wodina Stop. Magetsi akabwera yang'ananinso wotchi, makina ena amaiwala nthawi. Ndipo nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi ndi waya wa eriyo kapena wa dishi womwe.

Kutseka chimbale

Chimbale chikatha kujambulidwa chimasewera mu rekoda yanu, inu n'kumayesa zatheka. Mukapita nacho kwa achimwene ku Mkanda, DVD yawo ingolemba No Disc. Chatsala ndi Finalize. Imapezeka mu menyu ya Disc, Disc Setting kapena DVD Management. Imatenga mphindi zochepa, nthawi zina kufika 15 ngati chimbale sichidadzaze, ndipo panthawiyi musagwedeze makina kapena kuzula pulagi. DVD-R ndi DVD+R zikatsekedwa sizilandiranso kanthu. DVD+RW yokha ndi imene nthawi zambiri imasewera kwina popanda kutsekedwa. Pa DVD-RW, pochita Format sankhani Video Mode. VR Mode ma DVD ambiri saiwerenga.

Musaunjike zimbale zosatseka kuti mudzatseka tsiku lina. Makinawa ndi okalamba. Akafa, rekoda ya kampani ina siingathe kukutsekerani, ndipo mudzayamba kusaka katswiri wa kompyuta woti akupulumutsireni.

Mukaona uthenga wonena kuti Copy Protected kapena Cannot Record, makina sadawonongeke; eni pulogalamuyo adaikamo loko. Pamenepa ndi poyenera kukumbutsana kuti kujambula kuti mudzaonere nokha kunyumba n'kosiyana ndi kubena zimbale zogulitsa pamsika kapena kuonetsa anthu olipira pa vidiyo sho. Zimenezo zimakhudza lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira.

Mawaya omwewo amagwiranso ntchito ina imene mwina ndi yoposa ya TV. Mukachotsa dikoda n'kuikapo makina a matepi a VHS, mukhoza kusamutsa vidiyo ya ukwati, ya chinkhoswe kapena ya kwaya ya kumpingo, matepiwo asanachite nkhungu. Gwiritsani ntchito SP, kapena XP ngati tepiyo ndi yosapitirira ola.

Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala ndi mdani wa diso la laser. Vundikirani makina ndi nsalu akakhala ozima, koma akamagwira ntchito avundukuleni, ndipo dikoda isakhale pamwamba pake chifukwa zonse zimatentha. Zimbale zisungidwe m'makesi, kutali ndi dzuwa la pawindo. Lembanipo ndi maka yofewa, osati bolopeni, ndipo popukuta yambirani pakati kupita kumphepete, osazunguliza. Chimbale chofunika kwambiri pitani nacho kwa obena nyimbo akukopereni foda yotchedwa VIDEO_TS pa fulashi; mafayilo ake a VOB amasewera pa kompyuta ndi pulogalamu ya VLC.