Momwe mungaonetsere tiagalu kwa ogula osalowetsa parvo pakhomo

Kaya mumaweta ma German Shepherd ku Area 47, ma Boerboel ku Area 25 kapena agalu achikuda ku Likuni, nthawi yoopsa kwa tiagalu ndi ija mwayamba kulandira ogula. Munthu waona zithunzi pa Facebook, wadzera kaye kwa wina ku Kawale kukagwiragwira tiagalu takumeneko, kenako wafika kwanu ndi nsapato zomwezo manja omwewo. Pakatha masiku 3 mpaka 7 kamodzi kayamba kusanza, kukana chakudya, kutsegula m'mimba kwa magazi konunkha moipa. Ameneyo ndi parvo, amayenda mu chimbudzi cha galu wodwala ndipo m'dothi amatha kukhala miyezi yambirimbiri, ngakhale chaka. Ndiye pangani chonchi.

Choyamba, musathamangire kuitana anthu tiagalu tisanabayidwe. Katemera woyamba amabaya takwanitsa masabata 6 mpaka 8, kenako kubwereza pakadutsa masabata 3 kapena 4 mpaka tifike masabata 16. Wa chiwewe amabaya pa miyezi itatu. Mankhwala a njoka zam'mimba yambani tili ndi masabata 2, kubwereza masabata awiri aliwonse, chifukwa njokazi zimathanso kulowa mwa ana athu omwe amasewera padothi n'kuika zala mkamwa. Zonsezi vet (dokotala wa ziweto) azilemba pa khadi ndi deti lake, kaya mwapita ku LSPCA (bungwe losamalira nyama ku Lilongwe), kwa vet wapulaiveti kapena ku ofesi ya zaziweto ya boma. Ndipo kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8 ngakhale wogula akuti watumiza kale dipoziti pa Airtel Money. Amene sangadikire muziwatumizira mavidiyo pa WhatsApp basi.

Chachiwiri ndi pafoni. Afunseni mwaulemu koma mosabisa: bwana, lero mwapitako kwina kukaona agalu? Kwanu kuli galu amene akudwala, kapena anafapo galu posachedwapa? Akati eya, sinthani tsiku, abwere atasamba atasintha zovala. Panganani nthawi, banja limodzi pa nthawi imodzi, masana, ndipo pakhomo pakhale munthu wina wamkulu. Izitu si za matenda zokha, ena amabwera ngati ogula koma akungofuna kuona geti yanu, khola lili pati, agalu akuluakulu ndi angati.

Chachitatu, pageti, ndipo apa ndi pomwe ambiri timachitira manyazi. Ikani beseni la madzi a Jik, kapu imodzi ya Jik pa makapu 30 amadzi, osakaniza tsiku lomwelo chifukwa akagona mphamvu imatha. Matope akunsi kwa nsapato ayambe achotsedwa ndi burashi, Jik sagwira bwino pa matope, makamaka nyengo yamvula nsapato zimabwera zitasenza dothi la tauni yonse. Komanso Jik amafuna mphindi ngati 10 kuti agwire ntchito, kungoviika n'kutulutsa n'chimodzimodzi kusachita. Ine ndimaona chophweka n'kugula masilipasi angapo a pakhomo, mlendo avule zake azisiye kugeti avale amenewo. Kenako asambe m'manja ndi sopo pamadzi oyenda, mpaka m'zigongono. Sanitaiza uja tinazolowera nthawi ya Covid parvo samupha, musamudalire. Wina akakwiya kuti mukumuvulitsa nsapato, muuzeni kuti kagalu akufunako ndi kamene mukukateteza. Wogula weniweni amamva.

Chachinayi, malo oonetsera. Osawalowetsa kukhola komwe tiagalu timagona. Tulutsani tiwiri kapena titatu pakhonde la simenti kapena matailosi lomwe mwakolopa ndi Jik n'kutsukuluza n'kuuma, pamthunzi, pali kambale ka madzi. Dzuwa la Okutobala kagalu sikachedwa kulenguka nalo. Make wa tiagalu mutsekereni kaye. Galu woyamwitsa ngakhale wofatsa bwanji amasintha akamva mwana wake akulira m'manja mwa mlendo. Koma wogula ali ndi ufulu womuona make, ndiye amuone ali mkati mwa waya, inu mwaima pomwepo. Kumubisiratu kumakayikitsa.

Chachisanu, kagwiridwe. Aliyense akhale pansi kapena pakampando kakafupi, tiagalu tibwere tokha kudzanunkhiza. Ponyamula dzanja limodzi pachifuwa lina kumbuyo, osakoka miyendo, osanyamula pakhosi. Ana aang'ono asanyamule ataimirira, kagalu kamaphiriphitha n'kugwa pasimenti mwendo n'kuthyoka. Osapsompsona, osalola kunyambitidwa kumaso, osatipatsa zitumbuwa kapena mafupa omwe abwera nawo. Theka la ola lakwana, tikayamba kuwodzera tibwezeni kwa make.

Wina akalumidwa kapena kukandidwa mpaka magazi, tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo atatenga khadi la katemera wa galuyo. Osanena kuti aah ndi kamwana chabe aka. Chiwewe zizindikiro zikangoyamba sichichizika, adokotala ndi amene aweruze ngati pakufunika jakisoni.

Tsiku lotenga mupatseni wogula khadi, deti la katemera wotsatira, ndi chakudya chomwe kakudya cha masiku angapo kuti asasinthe mwadzidzidzi kangatsegule m'mimba. Muuzeni kuti kasapite kumsewu kapena kusewera ndi agalu oyendayenda mpaka katemera atatha, ndipo ngati pakhomo pake panafa galu ndi parvo chaka chomwechi, kuli bwino kakhalebe kwa inu mpaka kamalize majakisoni onse.

Alendo akapita kolopaninso khonde, viikani masilipasi mu Jik, sambani musanalowe kukhola. Masabata awiri otsatirawo muziyang'anitsitsa kadyedwe ndi chimbudzi cha kalikonse. Kamodzi kakangofooka kapena kusanza kapatuleni pompo, thamangani nako kwa vet osadikira mawa chifukwa kagalu madzi m'thupi amatha msanga, imitsani kaye alendo onse ndipo amene anatenga kale tiagalu muwaimbire foni kuti nawonso akhale tcheru.