Kukaona nyama ku Majete ndi Lengwe osaononga malo

Abale mukamapita ku Majete kapena Lengwe tsikani Thabwa m'mamawa, dzuwa la ku Chikwawa silinyengerera ndipo masana nyama zimabisala. Madzi tengani m'chigubu chimodzi osati timabotolo tija mumangoponya pawindo, zinyalala bwererani nazo. Gaidi akhale wakonkuno, ndi amene amadziwa pomwe nyala zimamwera madzi, mumpatsekonso kangachepe. Mukakumana ndi njovu osaliza hutala, osatsikanso m'galimoto, paja ku Majete anabwezeretsamo mikango mu 2012. Anyani osawaponyera chakudya, akazolowera amavuta heve. Wina akakunong'onezani za nyama yam'tchire yotchipa kanani basi, ndi ya misampha imeneyo. Nsomba zouma ndi mikeka gulani kwa amayi am'mudzi, osanenerera mpaka kuwadyera masuku pamutu, ndipo musanawajambule pemphani kaye.